Phunziro 9: Mwana Wanu Akapempha Chingwe ndi Mwala

 Tsopano mukudziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Lero tikambirana za ana athu amene ali kusukulu, makamaka amene afika ku sekondale.

Kodi mwana wanu anayamba wabwerako kusukulu n'kunena kuti, "Amayi, aphunzitsi akuti mawa tibwere ndi chingwe, mwala, waya ndi batire la tochi"? Makolo ambiri akamva zotere amakwiya. Ena amati, "Ife tinakutumiza kukaphunzira, osati kukatola zinyalala." Ena amaganiza kuti aphunzitsi a masiku ano ndi aulesi, angofuna kuseweretsa ana.

Si choncho ayi. Zinthu zimenezi ndi zida za phunziro la sayansi lotchedwa fizikisi. M'phunziro lino tiona zimene ana amachita nazo. Tikatero, inunso muziyese nokha pakhomo panu.

Kodi fizikisi n'chiyani?

Fizikisi ndi phunziro lofufuza mmene zinthu zimayendera ndi mmene zimagwirira ntchito. Limafunsa mafunso onga awa: Chifukwa chiyani mango akathothoka amagwa pansi? Chifukwa chiyani bwato lodzaza ndi matumba a mpunga limayandama pa Nyanja ya Chilwa, pamene kamsomali kakang'ono kamamira? Chifukwa chiyani malata amalira masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo ku Balaka? Nanga magetsi amachokera kuti?

Mukaonetsetsa, mafunso onsewa ndi a zinthu zimene mumaziona tsiku ndi tsiku. Mayi amene amasunga madzi akumwa mumtsuko wadothi amadziwa kuti madziwo amazizira kuposa a m'ndowa yachitsulo. Mnyamata wa kabaza pa Liwonde amadziwa kuti tayala likaphwa njinga imalemera kupalasa. Msodzi wa ku Nyanja ya Chiuta amadziwa pamene angaike katundu kuti bwato lisagubuduke. Onsewa akudziwa fizikisi, ngakhale sanalimvepo dzinalo.

Chimene sukulu imawonjezera ndi ichi: mwana amaphunzira kufunsa chifukwa chake, kuyeza ndi manambala, ndi kulemba zimene wapeza. Kale phunziroli linkaphunzitsidwa pamodzi ndi lina lotchedwa kemisitiri. Masiku ano ku sekondale lililonse limaphunzitsidwa palokha.

Kumva kokha sikukwanira

Nanga bwanji aphunzitsi osangolemba mayankho pabolodi, ana n'kukopera? Tamvani nkhani iyi ya kumaiko akutali.

Kale kwambiri, Yesu asanabadwe, m'dziko la Greece munali munthu wanzeru dzina lake Aristotle. Iye anaphunzitsa kuti chinthu cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka. Popeza anali munthu wolemekezeka, anthu anangovomera. Anakhulupirira zimenezi kwa zaka pafupifupi 2,000.

Kenaka m'dziko la Italy munabadwa Galileo, m'chaka cha 1564. Iye anafuna kuona yekha. Anagubuduza timipira pathabwa lopendekeka, nayeza nthawi, nalemba zimene anapeza. Anaona kuti kulemera kwa chinthu sikusintha liwiro la kagwedwe kake.

Tayesani inunso. Tengani mwala waukulu ngati chibakera ndi wina waung'ono ngati dzira la nkhunda. Ikwezeni mofanana, kenaka itayeni nthawi imodzi. Mverani. Yonse ifika pansi pamodzi.

Wina anena kuti, "Nanga pepala bwanji limagwa pang'onopang'ono?" Funso labwino. Pepala limatchingidwa ndi mpweya. Likwinyeni likhale ngati kampira, muone mmene ligwere msanga. Ku mwezi kulibe mpweya. M'chaka cha 1971 munthu wina wa ku America, David Scott, ataima pamwezi anataya hamala ndi nthenga ya mbalame nthawi imodzi. Zonse zinafika pansi pamodzi.

Apa tikuphunzira kuti pa sayansi sitikhulupirira chinthu chifukwa chakuti wanena ndi munthu wamkulu. Timayesa. Ndipo kuyesa kuli ndi njira zake zinayi, zimene mwana aliyense amaphunzira:

1. Funsa funso, ndipo unene zimene ukuganiza kuti zichitika.
2. Yesa, koma usinthe chinthu chimodzi chokha nthawi imodzi.
3. Yeza ndi rula, wotchi kapena sikelo, ndipo ulembe manambala.
4. Bwereza kangapo, kuti utsimikize.

Inu alimi njira imeneyi mumaidziwa. Mukafuna kuona ngati mbeu yatsopano ili yabwino, mumabzala mizere ina mbeu yatsopano, mizere ina yakale, m'munda umodzi womwewo. Pokolola mumawerenga madengu. Kumeneko ndiye kuyesa.

Nanga sukulu yopanda labotale?

Chipinda chimene ana amayeseramo za sayansi chimatchedwa labotale. Muli masikelo, magalasi, mawaya ndi zida zina zogula. Koma si sukulu zonse zili nacho. Ana athu ambiri kuno ku Machinga ndi Balaka amaphunzira m'sukulu za sekondale zoyendera, zija timati ma CDSS. Zambiri mwa sukuluzi zinayamba zilibe labotale, ndipo zina mpaka lero zida n'zoperewera.

Vuto lake nali. Pa mayeso a Fomu 4, a MSCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, mwana wa fizikisi salemba zoloweza pamtima zokha. Pamakhalanso pepala la ntchito yamanja. Mwana amapatsidwa zida, nauzidwa kuti ayeze ndi kulemba zimene wapeza. Tangoganizani mwana amene akugwira waya ndi babu koyamba tsiku la mayeso lomwelo. Manja amanjenjemera, nthawi n'kumuthera.

A boma anaona vuto limeneli. M'chaka cha 2004 Unduna wa Maphunziro, mothandizana ndi bungwe la ku Japan lotchedwa JICA, unayamba ntchito yotchedwa SMASSE, yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi a ku sekondale. Ntchitoyi inayambira konkuno, m'maboma a Zomba, Machinga, Balaka ndi Mangochi, ndipo inkatsogoleredwa ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi. Pambuyo pake inafalikira m'dziko lonse. Aphunzitsi analangizidwa kuti ana azigwira okha ntchito m'kalasi, aziyesa, ndipo ngati zida zogula palibe, azipanga zawo ndi zinthu zopezeka pamudzi. Aphunzitsi ali ndi dzina la njira imeneyi yogwiritsa ntchito zinthu za pamudzi. Amati TALULAR.

Ndiye chifukwa chake mwana wanu akupempha chingwe ndi mwala. Tsopano tiyeni tione zimene amakachita nazo.

Kuyesa koyamba: katungwe wa mwala

Zofunika: chingwe chopyapyala, mwala waung'ono, mwala wokulirapo, rula kapena tepi ya telala, ndi wotchi yoonetsa masekondi. Foni zambiri zili nayo wotchi yotere.

Mangani mwala waung'ono kumapeto kwa chingwe. Mbali inayo mangani kunthambi ya mtengo kapena kuphaso la khonde. Kuchokera pamene mwamanga kufika pakati pa mwala pakhale mita imodzi, ndiye kuti masentimita 100. Mwapanga katungwe, ngati uja amasewera ana.

Kokerani mwala pambali pang'ono, kutalika ngati chikhatho chanu, n'kuusiya. Musaukankhe. Mwala ukapita n'kubwerera pamene unayambira, umenewo ndi ulendo umodzi. Wina aziwerenga maulendo, wina aziyang'ana wotchi. Werengani maulendo 10. Mupeza kuti atenga masekondi pafupifupi 20. Lembani. Bwerezani katatu.

Tsopano funso nali. Tikamanga mwala wolemera, kodi katungwe athamanga kapena achedwa? Musanayese, aliyense anene maganizo ake. Ambiri amati mwala wolemera uthamanga. Ena amati uchedwa. Mangani mwala wokulirapo uja, koma chingwe chikhale mita imodzi yomweyo. Werenganinso maulendo 10. Mudabwa. Ndi masekondi 20 omwe aja.

Kenaka bwezerani mwala waung'ono, koma mufupikitse chingwe chikhale masentimita 25. Werengani maulendo 10. Tsopano atenga masekondi pafupifupi 10 okha.

M'kope mwanu mulembe motere:

Chingwe masentimita 100, mwala waung'ono: masekondi 20
Chingwe masentimita 100, mwala wolemera: masekondi 20
Chingwe masentimita 25, mwala waung'ono: masekondi 10

Manambala anu akhoza kusiyana pang'ono, monga 19 kapena 21. Musawakonze kuti afanane ndi a m'buku. Lembani zimene mwaona. Mwana wophunzira sayansi amaphunziranso kunena zoona.

Tapeza chiyani? Tapeza kuti nthawi ya katungwe imadalira kutalika kwa chingwe, osati kulemera kwa mwala. Galileo yemwe uja anafufuza za katungwe wotere. Ndipo m'chaka cha 1656 munthu wa ku Holland, Christiaan Huygens, anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi kupanga wotchi yosunga nthawi bwino kuposa zonse zimene zinalipo kale.

Taonaninso chinthu china. Pamene tinasintha mwala, chingwe sitinachisinthe. Pamene tinasintha chingwe, tinabwezera mwala woyamba. Tikanasintha zonse pamodzi, sitikanadziwa chimene chasintha nthawi. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyesa kwachiwiri: rula ndi mjigo

Zofunika: rula ya masentimita 30, pensulo, ndi zotsekera mabotolo a zakumwa zofanana zinayi kapena zisanu.

Goneketsani pensulo patebulo. Ikani rula pamwamba pake mopingasa, pensulo ikhale pa nambala 15. Rula iima osapendekera mbali ina iliyonse. Pamene pali pensulo tipatche kuti potsamira.

Sanjikizani zotsekera ziwiri kumanzere, masentimita 5 kuchokera potsamira. Rula ipendekera kumanzere. Tsopano tengani chotsekera chimodzi chokha, muchiike kumanja. Chisunthireni pang'onopang'ono kumapeto. Chikafika masentimita 10 kuchokera potsamira, rula iimanso bwino. Chimodzi chalimbana ndi ziwiri.

Apa masamu a ku sukulu ya kwacha agwira ntchito. Kumanzere, 2 kuchulukitsa ndi 5 ndi 10. Kumanja, 1 kuchulukitsa ndi 10 ndi 10. Mbali zonse zafanana. Yesaninso: ikani zitatu kumanzere pa masentimita 4. Kodi chimodzi chija muchiika pati? Werengerani musanayese. Yankho ndi masentimita 12.

Lamulo lake ndi ili: mukatalikira ndi potsamira, mphamvu yochepa imanyamula katundu wolemera. Koma dzanja lanu limayenda mtunda wautali, pamene katundu amangosuntha pang'ono.

Mawa mukapita kumjigo muyang'anitsitse. Chogwirira chija chili ndi potsamira pake, pafupi ndi mutu wa mjigo. Mbali yaifupi ndi imene imakoka zitsulo zopita pansi pamadzi. Mbali yaitali ndi imene mumagwira inu. Gwirani pafupi ndi mutu, mupope. Kenaka gwirani kumapeto kwenikweni. Mumva kusiyana m'mapewa mwanu. N'chifukwa chake ngakhale mwana wamng'ono amatha kutulutsa madzi ochokera pansi patali.

Lamulo lomweli lili pa wilibala, pa hamala yozulira misomali, pa sizasi, ndi pa mtengo umene mumapanira kunsi kwa chitsa pochizula m'munda.

Kuyesa kwachitatu: batire ndi babu

Zofunika: batire limodzi la tochi, babu laling'ono la tochi, ndi mawaya awiri osenda kumapeto. Ngati babu lanu ndi la matochi a masiku ano, mungafunike mabatire awiri, ndipo likakana kuyaka mulitembenuze miyendo yake.

Gunditsani waya mmodzi kumutu kwa batire, mbali inayo igunde pansi pa babu. Waya wachiwiri achoke kunsi kwa batire, akagunde m'mbali mwa babu. Babu liyaka. Chotsani waya mmodzi. Lazima. Magetsi amafuna njira yozungulira yosaduka, kuchoka m'batire, kudutsa m'babu, n'kubwereranso m'batire. Swichi ya pakhoma ntchito yake ndi yomweyi, kudula ndi kulumikiza njira.

Tsopano siyani mpata panjira ija, ndipo pampatapo muziikapo zinthu zosiyanasiyana: msomali, supuni yachitsulo, kamtengo kouma, mphira, pulasitiki. Lembani mizere iwiri, zimene zayatsa babu ndi zimene zakana. Mupeza kuti zitsulo zimalola magetsi kudutsa. Mphira, pulasitiki ndi mtengo wouma zimakana. Ndiye chifukwa chake mawaya amakutidwa ndi pulasitiki.

Chenjezo. Yesani ndi mabatire a tochi okha. Pa batire palembedwa kuti 1.5V. Chilembo V chikusonyeza mphamvu imene imakankha magetsi. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi 230V, kuposa batire ka 150. Amapha. Mwana asayese chilichonse pa soketi, ndipo asayandikire waya wa magetsi amene wagwa pansi.

Nanga magetsi a ESCOM amachokera kuti, popeza kulibe batire lalikulu chotero? M'chaka cha 1831 Michael Faraday wa ku England anapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo mumayenda magetsi. Dayinamo ya njinga imagwira ntchito motero. Tayala limazunguza maginito ali m'kati, nyale n'kuyaka. Mukaima, nyale imazima.

Makina a pa mtsinje wa Shire ndi madayinamo akuluakulu. M'malo mwa tayala, amazunguzidwa ndi madzi. Malo opangira magetsi a Nkula anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, ndipo pambuyo pake kunabwera a Tedzani ndi Kapichira. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, imene inamangidwa m'chaka cha 1965. Zitseko zake zimatsekulidwa ndi kutsekedwa kuti madzi opita kumakina aja asachuluke kapena kuchepa kwambiri. Pomwepo amatcheranso namasupuni ndi zomera zina zoyandama kuti zisakatseke makina. Choncho madzi amene mumawaona mukamaoloka pa Liwonde ndi amene amakayatsa mababu ku Ntaja, ku Ulongwe ndi m'mizinda yathu.

Mwana amene wamvetsa dayinamo akhoza kupita patali. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankabwereka mabuku a sayansi ku laibulale yaing'ono ya kwawo. Ali ndi zaka 14 anapanga makina oyendera mphepo, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, njinga yakutha, mapaipi ndi dayinamo. Anthu ena ankamuseka kuti wapenga. Koma babu linayaka m'nyumba ya makolo ake. Pambuyo pake anabwerera kusukulu, ndipo m'chaka cha 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College, ku America.

Nzeru yopulumutsa moyo: mphenzi

Fizikisi si ya mayeso okha. Mvula ikayamba, chaka chilichonse timamva za anthu ndi ziweto zophedwa ndi mphenzi. Nthawi zina pamudzi pamabuka kulozana zala, abale n'kudana. Mwana wa fizikisi amaphunzira kuti mphenzi ndi magetsi amphamvu kwambiri amene amasonkhana m'mitambo. Akachuluka amalumphira kumtambo wina kapena pansi. Kawirikawiri amatsata chinthu chachitali chimene chaima pachokha.

Kodi munaona kuti kung'anima kumayamba, bingu n'kumveka pambuyo? Zonse zimachitika nthawi imodzi, koma kuwala kumathamanga kwambiri, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi. Ndiye kuti phokoso limatenga masekondi atatu kuyenda kilomita imodzi.

Mukhoza kuyeza nokha muli m'nyumba. Kukang'anima, yambani kuwerenga masekondi mpaka mumve bingu. Gawani nambalayo ndi 3. Mukawerenga masekondi 9, mphenzi ili makilomita atatu kuchokera pamene muli. Ngati nambala ikucheperachepera, ikuyandikira. Mukawerenga osafika 30, musakhalenso panja.

Kumbukirani izi:
Musabisale pansi pa mtengo umene waima pawokha.
Chokani m'munda, padambo, pabwalo la mpira ndi pamwamba pa phiri.
Asodzi ndi ochapa atuluke m'madzi.
Malo abwino ndi m'nyumba yomangidwa bwino kapena m'galimoto yotseka.
Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Musaope kumugwira. Muthandizeni, ndipo mupite naye kuchipatala msanga.

Kholo lingachite chiyani?

Mwina mukuti, "Ine sindinafike ku sekondale. Ndingathandize bwanji?" Pali zambiri.

Choyamba, mwana akapempha chingwe, botolo, chitini, waya kapena galasi, mufunseni kuti akachita nazo chiyani, ndipo mumuthandize kuzipeza. Zambiri sizilira ndalama.

Chachiwiri, madzulo mumuuze kuti, "Tandionetsa zimene mwayesa lero." Mwana akamafotokozera kholo lake, nayenso amamvetsa bwino. Akalephera kufotokoza, adziwa kuti mawa ayenera kukafunsanso aphunzitsi. Paja safunsa anadya phula.

Chachitatu, musakalipire mwana amene amakonda kumasula tochi yakufa kapena wailesi yakutha. Mupatseni zakuthazo, koma mumuuze kuti zabwino asakhudze.

Chachinayi, kumbukirani atsikana. M'midzi mwathu ena amati sayansi ndi ya anyamata. Zabodza zimenezo. Mtsikana amene amapopa mjigo, kusenza ndowa osataya madzi ndi kusonkha moto tsiku ndi tsiku ali kale ndi fizikisi m'manja mwake. Amene afuna kudzakhala dokotala, namwino, mmisiri wa magetsi kapena injiniya amafunika kukhoza bwino sayansi. Gawirani ntchito zapakhomo ana onse mofanana, kuti mtsikana nayenso apeze nthawi yowerenga. Ndipo musamuchotse sukulu kuti akakwatiwe.

Chachisanu, pitani kumisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Funsani mwaulemu kuti, "Kodi ana athu akuyesa okha za sayansi, kapena akungokopera? Nanga ife tingathandize chiyani?" Mmisiri wa matabwa akhoza kupanga marula ndi mabokosi osungiramo zida. Wokonza njinga akhoza kupereka dayinamo yakale. Wokonza mawailesi ali ndi mawaya ndi maginito. Mutu umodzi susenza denga.

Inu mwaphunzira kuwerenga mutakula kale. Mukudziwa kuti simunaphunzire kulemba poyang'ana mphunzitsi, koma pogwira pensulo nokha. Sayansi nayonso ili choncho. Mpatseni mwana chingwe ndi mwala.

Mau atsopano

Fizikisi: phunziro la sayansi lofufuza kayendedwe ka zinthu, mphamvu, kutentha, kuwala, phokoso ndi magetsi.
Labotale: chipinda choyeseramo za sayansi.
Sentimita: muyeso wa kutalika. Masentimita 100 amapanga mita imodzi.
Sekondi: muyeso wa nthawi. Masekondi 60 amapanga mphindi imodzi.
Dayinamo: kachipangizo kopanga magetsi pozunguza maginito pafupi ndi waya.

Mafunso

1. Tchulani njira zinayi zimene timatsata poyesa za sayansi.
2. N'chiyani chimasintha nthawi ya katungwe, kulemera kwa mwala kapena kutalika kwa chingwe?
3. Chifukwa chiyani mjigo umapepuka mukagwira kumapeto kwa chogwirira?
4. Mwaika zotsekera ziwiri pa masentimita 6 kumanzere kwa rula. Kodi chimodzi muchiika pati kumanja kuti rula iime bwino?
5. Kwang'anima, ndipo mwawerenga masekondi 15 musanamve bingu. Kodi mphenzi ili makilomita angati?
6. Kodi Kamuzu Barrage ya pa Liwonde imathandiza bwanji pa magetsi?

Zoti muchite

Dzazani madzi m'mabotolo awiri ofanana. Limodzi mulikulunge ndi nsalu yonyowa, linalo mulisiye. Ikani onse pamthunzi podutsa mphepo. Nsalu ikayamba kuuma muziinyowetsanso. Pakapita ola limodzi, lawani madzi a m'mabotolo onse. Lembani m'kope mwanu zimene mwapeza. Kenaka kambiranani ndi mwana wanu kapena anzanu a m'gulu lowerenga: kodi zimenezi zikutiuza chiyani za mtsuko wadothi? Mubwere ndi yankho lanu tsiku lokumananso.